ZA CHIMANGA CHA CHITHANDIZO NDI NKHOKWE YA MUDZI

(Awa ndi mau amene Komiti ya Nthambi yathu idalankhula kudzera mwa Mlembi pa msonkhano wa mamembala onse mwezi wa July. Tawalemba muno kuti amene sadafike awerengeredwe, ndi kuti amene adafika akumbukire zimene tidapangana.)

 Tikuthokozani kuti mwasiya ntchito za kudimba ndi zoumba njerwa, ndi kudzakhala pansi pano padzuwa.

Tadza ndi nkhani imodzi yokha lero, ndiyo nkhani ya chakudya. Kapena ena mukudabwa kuti Komiti iyamba bwanji kunena za njala mwezi wa July, pamene utsi ukufuka pa nyumba iriyonse ndipo ana akupeza mbatata pamoto pochokera ku sukulu. Tachita dala. Akulu adati chakudza sichiyimba ng'oma, koma njala ya kwathu kuno timaidziwa ndi mwezi wake womwe. Taonani pa mphambano paja, masikelo a mavenda apachikidwa kale. Chimanga chimene chikutuluka m'mudzi muno pa njinga mwezi uno, ndi chomwecho chimene tidzachilondola mu February titanyamula kajumbo m'manja, mtengo wake utawirikiza kawiri kapena katatu. Tsono tiyeni tikambirane lero, mimba ziri zokhuta ndi mitu iri yozizira.

ZIMENE MAKOLO ATHU ADAONA

Agogo owerengeka amene atsala pakati pathu akukumbukira njala ya 1949, nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, dziko lino likutchedwa Nyasaland. Mvula idayamba bwino kumapeto kwa 1948, anthu nabzala, kenaka idadula chimanga chikadali chaching'ono. Chigawo cha Kumwera ndicho chidapsa koposa, makamaka midzi ya ku Lunzu ndi ku Lirangwe m'boma la Blantyre. Anthu adayenda pansi kukasuma ku Neno, ku Mwanza ndi ku Ntcheu, ena mpaka kudziko la Apwitikizi. Boma la Atsamunda lidaitanitsa chakudya chokwana matani 25,000 kuchokera kunja, koma chidachedwa kufika. Mabuku a Boma adalemba kuti adafa anthu ngati 200, koma amene adakumba manda adadziwa kuti chiwerengerocho nchochepa.

Chimene tifuna kuti muchigwire ndi kagawidwe kake. Chakudya chambiri chidali chogulitsa, ndipo wogula adali iye wa ndalama. Amene adali pa ntchito ya malipiro adalandira phoso ku ntchito kwao. Chaulere chidali cha nkhalamba ndi osowa thandizo lirilonse. Koma mayi amene mwamuna wake adapita ku Joni kapena ku Salisbury, nachona komweko osatumiza ngakhale kobiri, iyeyo ankawerengedwa kuti ali ndi mwamuna womusamala. Mayi Megan Vaughan, wophunzira za mbiri yakale, adayenda m'midzi ya ku Blantyre kufunsa amene adapulumuka, natulutsa buku lake mu 1987. Adapeza kuti akazi osiyidwa pamodzi ndi ana awo adali m'gulu la amene adavutika koposa, ndi kuti maukwati ambiri adatha chaka chimenecho. Mwaona tsono: chakudya chikhoza kufika m'dziko, koma wolemba maina ndiye amagamula amene adye.

Njala ya 2002 ambiri pano tidaiona ndi maso. Mu 2000 ndi 2001 chimanga cha m'nkhokwe za dziko, matani oposa 160,000, chidagulitsidwa pafupifupi chonse. Zokolola za 2001 zidatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kaamba ka mvula yochuluka ndi madzi osefukira. Kilogalamu ya chimanga imene idali pa K4 pokolola idafika pa K40 m'misika ina pofika January 2002. A mipingo ndi a mabungwe achifundo ndiwo adayamba kukuwa, koma mau awo adachedwa kumveka, ndipo Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lagwa m'ngozi kumapeto kwa February, anthu atayamba kale kufa. Tidadya gaga, zitsa za nthochi ndi mango osakhwima. Tidagulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhuku. Ogwidwa ndi chimanga chachiwisi m'munda wa mwini adachitidwa zinthu zimene sitifuna kuzitchula pamaso pa ana.

Kuchokera apo njala yabwera mu 2005 ndi mu 2016. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adakokolola midzi ndi minda ku Chigawo cha Kumwera, ndipo mu March 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28. Owerengera adapeza kuti anthu 5.7 miliyoni adzasowa chakudya nyengo yotsatirayo. Sitikunena izi kuti tikuopsezeni ayi. Tikuti munthu amene khoma la nyumba yake lagwa kasanu, ayenera kuphunzira kamangidwe kena.

NJIRA ZIMENE CHAKUDYA CHIMADZERA

Ambiri timangomva kuti galimoto yabwera, osadziwa kumene yachokera. Wosadziwa njira sachedwa kunamizidwa, choncho tamverani.

Njira yoyamba ndi chimanga chaulere cha nyengo ya njala. Chaka chirichonse, zokolola zitalowa, komiti ya akatswiri yotchedwa MVAC imayenda m'maboma kuwerengera anthu amene chakudya chidzawathera. Chiwerengero chimenecho chimapita ku DoDMA, nthambi ya Boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo chimatsika kudzera kwa a DC ndi kwa Mfumu Yaikulu mpaka pa komiti ya m'mudzi. Ogawa ndi Boma pamodzi ndi World Food Programme, Red Cross, mipingo, mizikiti ndi mabungwe ena. Kawirikawiri banja lolembedwa limalandira thumba la makilogalamu 50 pa mwezi, kapena ndalama m'malo mwa thumbalo. Dziwani ichi: chiwerengero cha mabanja chimachokera kumwamba, koma maina amachokera pansi pano. Kulilongwe sadziwa kuti agogo auje akulera adzukulu. Timadziwa ndife.

Njira yachiwiri ndi chimanga chogula pa mtengo wotsika m'misika ya ADMARC, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Chimanga chikachepa amaika malire a makilogalamu amene munthu mmodzi angagule. Mu 2022 Boma lidatseka bungweli kwa kanthawi kuti lilikonzenso, ndipo tidaphunzira kuti nkosayenera kutsamira pa khomo limodzi lokha.

Njira yachitatu ndi phala la ku sukulu. Bungwe la Mary's Meals lidayambira kuno ku Malawi mu 2002, ndipo phala lake ndi Likuni Phala, ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya. Ophika ndi azimayi a m'midzi, osalipidwa. Pamene pali phala, mwana asajombe ku sukulu mu February chifukwa cha ganyu. Kapu imodzi imeneyo ndi chakudya chimene mayi sadachisake.

Njira yachinayi ndi Mtukula Pakhomo, amene adayamba ku Mchinji mu 2006. Ndi ndalama za mabanja osaukitsitsa amene mulibe munthu wamphamvu wogwira khasu. Si za aliyense, ndipo wamphamvu zake akalembetsa, walanda nsima ya wopuwala.

Kulandira thandizo lotere si manyazi. Mvula ikadula sipakhala mlesi ndi wakhama, minda yonse imauma pamodzi. Tiri ndi abambo ena pano amene amagona ndi njala osatchula dzina lao pa bwalo poopa kusekedwa, kenaka ana awo natupa miyendo. Bambo, ulemu wanu suli m'kubisa njala. Uli m'kusunga moyo wa ana.

ZIMENE ZIDACHITIKA KUNO KWATHU

Tsopano tinene zowawa, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Sititchula dzina la munthu kapena la mudzi, koma ambiri mudziwa.

Nyengo ya njala yapitayi kudali agogo ena aakazi olera adzukulu anayi amasiye. Dzina lao lidalembedwa. Tsiku logawa adalawira tambala woyamba, nayenda ulendo wa maola awiri ndi ndodo, nakhala pa mzere mpaka dzuwa kupendeka. Atafika pa tebulo adauzidwa kuti chala chao chadindidwa kale ndipo thumba lao latengedwa. Adabwerera chimanjamanja. Sabata imeneyo mdzukulu wao wamkulu, msungwana wa Sitandade 7, adasiya sukulu napita kukagwira ntchito ya m'nyumba ku tauni. Mpaka lero sadabwerere.

M'mudzi wina, olandira atangofika kunyumba adalamulidwa kukhuthula matumba onse pa mphasa, ndipo mbale yoyamba idapita kwa amene adalemba maina. Kwina tidamva za mayi wamasiye amene adauzidwa kuti akafuna kulembedwa abwere usiku. Zimenezi zidachitika m'dera lathu lino, osati kutali.

Nanga ife a Komiti tidali kuti? Tidamva, ndipo tidakhala chete. Tidakhala chete chifukwa mmodzi wa amene adakhudzidwa ndi nkhani ya thumba la agogo aja adali membala wa nthambi yathu, ndipo tidaopa kuti a zipani zina adzatiseka. Tidalakwa. Tidateteza dzina la nthambi, mwana wa sukulu nataya tsogolo lake. Lero tikuvomera pamaso pa Mafumu ndi pamaso panu. Membala uja tamuitana, wavomera, wabweza thumba kwa agogowo ndipo watula pansi udindo wake. Koma madzi akatayika saoleka. Chimene tingathe ndi kutseka pamene padabooka.

Tsono Komiti ikupempha kuti tigwirizane pa mfundo izi:

1. Maina alembedwe masana pa bwalo, mudzi wonse ulipo, osati usiku m'nyumba ya munthu. Akalembedwa, awerengedwe mokweza kawiri, ndipo wotsutsa atsutse pomwepo.

2. Oyamba akhale nkhalamba zolera ana, mabanja oyendetsedwa ndi ana, odwala nthawi yaitali, olumala, ndi amayi osiyidwa, ngakhale mwamuna ali moyo kwina. Tisabwereze cholakwa cha 1949.

3. Wolemba maina asalandire kanthu, kaya ndi ndalama, nkhuku kapena mbale ya chimanga. Wopempha thupi la mkazi kuti amulembe, nkhani yake si ya pa bwalo la mudzi lokha, ndi ya ku Polisi, ndipo ife tidzaperekeza mayiyo.

4. Tsiku logawa, nkhalamba iriyonse ipite ndi mnyamata kapena msungwana wodziwa kuwerenga. Musadinde chala musanaone thumba, ndipo chitupa chanu cha unzika chisagone m'manja mwa munthu wina. Achinyamata a nthambi adzanyamula matumba a nkhalamba pa njinga mwaulere.

5. Kugawana ndi mwambo wathu, ndipo kupatsa nkuika. Mwini thumba akafuna kupatsa mnansi wake, apatse. Koma kukhuthulitsa munthu mokakamiza si mwambo, ndi kulanda.

6. Wolandira asagulitse thumba kwa venda, kapena kulisandutsa kachasu. Amayi, thumba likalowa m'nyumba, liri m'manja mwanu.

Mafumu athu, tikukupemphani mwaulemu kuti mutigwire dzanja pa zimenezi. Tikudziwa kuti pamene mudzi wa mabanja zana upatsidwa malo khumi okha, mitima yonse imawawira inu. Maina akalembedwa poyera, katunduyo tidzasenza tonse, ndipo palibe adzakulozani chala.

CHIMANGA SICHIFUNSA KHADI

Pali nkhani ina imene iyenera kumveka bwino pa msonkhano wa chipani. Akuluakulu mukukumbukira masiku a chipani chimodzi, isanafike riferendamu ya 1993, pamene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi. Amene tidaona zimenezo sitifuna kuziona zikubwerera pakhomo la nkhokwe. Chimanga cha chithandizo chidagulidwa ndi misonkho ya anthu onse, ndi zopereka za anthu a maiko ena amene sadziwa ngakhale mtundu wa nsalu ya chipani chathu. Si mphatso ya phungu, si ya khansala, si ya nthambi ino.

Ena adzati, nanga a zipani zina akachita, ife tingopenya? Tikuti tidzawatsutsa poyera, ndipo kuti mau athu alemere tiyenera kuyamba kusesa pakhomo pathu. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa opikisana pa chisankho kugawa zinthu pofuna mavoti. Ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana wa munthu wa chipani china akatupa miyendo, maliro ake tidzakumba ndife, ndipo ufa wa pamaliropo udzachokera m'nyumba zathu. Membala aliyense amene adzanena kwa wanjala kuti yamba wagula khadi, ameneyo wanyozetsa nthambi, ndipo Komiti idzamuitana.

WOSAUKA NDIYE AMAGULA MODULA

Komatu abale, chithandizo ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Chimafika mochedwa, chimafikira ochepa, ndipo chaka china sichifika konse, pakuti opereka nawonso ali ndi nkhondo ndi njala za maiko ena zoti aziyang'ana. Mabanja ambiri pano sadzalembedwa. Sali osaukitsitsa, koma mu February alibe chimanga. Chimene iwo afuna si chaulere, koma malo ogula pa mtengo woyenera.

Taganizani mmene timagulira. Wachuma amagula matumba khumi mu June mtengo uli pansi. Wosauka amagula kachigoba mu February mtengo uli kumwamba, kapena kathumba ka ufa wa tsiku limodzi kaja timati wokimani. Mukawerengera timatumba timeneto mpaka tidzaze thumba lalikulu, mudzapeza kuti wosaukayo walipira koposa wachuma. Ndalama akasowa amapita ku katapila, kapena kukalima ganyu m'munda wa mnzake pamene wake ukumera udzu. Chaka chotsatira amakolola zochepa, nagulitsa msanga kuti abweze ngongole, njala niyamba msanga. Chingwe chimenechi ndicho chatimanga.

Vuto limeneli si lathu lokha. Ku Rochdale, pafupi ndi Manchester ku Mangalande, mu 1844 anthu 28, ambiri a iwo oomba nsalu, adatopa ndi ogulitsa amene ankawabera pa sikelo ndi kuthira zinthu zina mu ufa. Adasonkha ndalama pang'onopang'ono mpaka aliyense adakwanitsa paundi imodzi, natsegula kasitolo mu msewu wa Toad Lane. Katundu wao woyamba adali ufa, shuga, batala ndi makandulo owerengeka, ndipo anthu adawaseka. Malamulo ao adali akuti sikelo ikhale yoona, membala aliyense akhale ndi voti imodzi, ndipo pakhomo pasafunsidwe za chipani kapena mpingo wa munthu. Makopaletivu a dziko lonse lapansi amawerengera chiyambi chao pa kasitolo kameneko.

Ngakhale m'zaka zathu zino ku Mangalande kuli anjala. M'chaka cha April 2023 mpaka March 2024 bungwe la Trussell Trust lidagawa maphukusi a chakudya oposa 3 miliyoni. Ndipo ku Stockport, kufupi ndi Manchester komweko, mu 2013 adayamba masitolo a chifundo a mtundu wina: munthu amalowa umembala, nalipira ndalama yochepa pa sabata, nasankha yekha zakudya za mtengo woposa zimene walipira. Adachita tero ataona kuti munthu amene walipira kanthu, ngakhale kochepa, amalowa pakhomo mutu uli m'mwamba, ndipo ndalama yakeyo imathandiza kuti sitoloyo isafe. Ngati a dziko lolemera aona nzeru pamenepo, nanga ife?

NKHOKWE YA MUDZI

Nayi tsono mfundo yaikulu imene Komiti yabwera nayo. Tikhazikitse nkhokwe ya mudzi, yogulitsa chimanga pa mtengo wotsika m'miyezi ya njala.

Tiyerekeze kuti alowa mabanja 90, ndipo banja lirilonse liika ndowa ziwiri mwezi uno. Zikhala ndowa 180. Ndowa zitatu zimadzaza thumba la makilogalamu 50, choncho tikhala ndi matumba ngati 60. Matumba amenewo akhoza kusunga mabanja 60 mwezi wathunthu, kapena mabanja 30 miyezi iwiri, kuyambira pakati pa January mpaka maungu ndi chimanga chachiwisi zitayamba. Si zambiri, koma masabata amenewo ndiwo amagulitsitsa mbuzi, malata ndi ana aakazi.

Chimangacho chidzatsekeredwa mpaka January. Chikatsegulidwa chidzagulitsidwa pa mtengo wa mwezi uno wa July, kuonjezapo gawo limodzi mwa magawo khumi. Oyamba kugula ndi mabanja amene adaika, ndipo banja limodzi lisapitirire ndowa imodzi pa sabata, kuti venda asatume anthu kudzatikokolola. Matumba 6 mwa 60 tidzawapatula kuti akhale a nkhalamba ndi amasiye amene sangathe kugula ndipo sadalembedwe kwina kulikonse. Ndalama za matumba 54 otsalawo, pa mtengo umene tanenawu, zikhoza kugula matumba 59 pokolola, ngati mtengo sudakwere. Koma tonse tikudziwa kuti umakwera, ndipo tikukumbukira mmene kwacha idagwera ndi 44 peresenti mu November 2023. Nchifukwa chake ndalama zisagone: chimanga chikangouma tigule, ndipo banja lirilonse lidzaonjeza ndowa imodzi chaka ndi chaka kuti nkhokwe isaphwe.

Tikudziwa mafunso amene ali m'mitima yanu, pakuti nafenso tidafunsana ku Komiti.

Loyamba: nanga osunga akadya? Funso labwino, ndipo pambuyo pa zimene tavomera lero muli ndi chifukwa cholifunsa. Pa chitseko padzakhala maloko atatu ndi makiyi atatu, m'manja mwa anthu atatu a mabanja osiyana, osankhidwa ndi inu pokweza manja. Awiri mwa iwo akhale azimayi, pakuti mayi ndiye amadziwa kulemera kwa mbale ya ufa. Chitseko sichidzatsegulidwa usiku. Buku la ndowa zolowa ndi zotuluka lidzawerengedwa mokweza pa bwalo mwezi uliwonse. Wa m'Komiti ya nthambi asagwire kiyi kapena ndalama. Nkhokweyi ikhale ya mudzi, pansi pa Mafumu, ndipo alowe aliyense, wa chipani chathu, wa chipani china ndi wopanda chipani.

Lachiwiri: nanga anankafumbwe? Chimanga chilowe chouma bwino ndi chopeta. Kuti mudziwe ngati chauma, ikani maso angapo a chimanga m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule. Mchere ukamatirira m'botolo, chimangacho chiyanikidwenso. Tidzasunga m'matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Akamangidwa bwino mpweya sulowa, tizilombo timafa tokha popanda mankhwala. Matumba asanjidwe pa mitengo, asakhudze pansi kapena khoma, ndipo makoswe tiwatchere. Alangizi a zaulimi tawapempha kuti adzationetse kamangidwe kake.

Lachitatu: nanga amene alibe ndowa ziwiri? Aike imodzi. Amene alibe ngakhale imodzi aike manja ake: aumbe njerwa, apete chimanga, alondere. Nyemba, nandolo ndi makaka a chinangwa tidzalandiranso, pa muyeso umene mudzagwirizane.

Lachinayi ndi la iwo amene akuti, tivutikiranji, Boma ndi mabungwe adzabweretsa. Abale, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu 1949 chakudya chidachedwa. Mu 2002 chidachedwa. Chikadzafika msanga tidzathokoza, ndipo chathu chidzadikira mwezi wina. Chikadzachedwa, ana athu adzachidikira ali ndi kanthu m'mimba.

Sitikunena kuti nkhokwe ya mudzi ichotsa udindo wa Boma. Nthambi ino idzapitiriza kulemba makalata kwa khansala, kwa phungu ndi kwa a DC, kufunsa kuti msika wa chimanga utsegulidwe msanga kufupi ndi ife, kuti nkhokwe za dziko zisagulitsidwenso mumdima monga mu 2001, ndi kuti feteleza azifika mvula isanagwe. Imeneyo ndiyo ntchito ya chipani. Koma anthu amene adziyambira okha kanthu, mau ao amamveka mosiyana pa khomo la ofesi.

ZOTI TICHITE TIKACHOKA PANO

Banja lirilonse likakhale pansi usiku uno, bambo ndi mayi pamodzi, ndi kuwerenga matumba amene ali m'nyumba. Banja la anthu asanu limadya pafupifupi thumba limodzi pa mwezi. Werengani miyezi kuyambira lero mpaka March, ndipo musagulitse thumba limene liri m'chiwerengero chimenecho, ngakhale venda abwere ndi wailesi. Ndalama ya fizi ndi sopo ichokere ku soya, mtedza, fodya, dimba kapena ku banki mkhonde.

Loweruka likudzali tidzakumananso pano m'mawa kusankha osunga makiyi atatu ndi mlembi wa buku. Loweruka linalo ndowa ziyambe kulowa. A Gulupu atilonjeza chipinda cha malata choti tiyambire, ndipo tikuwathokoza. Atsogoleri a azimayi ayende nyumba ndi nyumba kulemba nkhalamba, odwala ndi ana amasiye, kuti tsiku lolemba maina a chithandizo likadzafika tisadzaiwale munthu chifukwa adalephera kuyenda kufika pa bwalo. Achinyamata alembetse njinga zao kwa Mlembi.

Ndipo pali ntchito imodzi imene Komiti yadzipatsa yokha. Msungwana uja wa Sitandade 7 timufunafuna, ndipo sukulu ikamatsegulira tifuna akhale m'kalasi. Yunifolomu ndi makope tasonkha kale ife a Komiti m'matumba mwathu. Amene akudziwa kumene akugwira ntchito aonane ndi a Wapampando msonkhano ukatha.

Mutu umodzi susenza denga. Mwamva mau athu, tsopano bwalo ndi lanu. Amene ali ndi funso kapena chotsutsa aimirire, ayambe azimayi.